Malangizo ofufuzira zoopsa pa fakitale ya makemikolo, kwa anzathu a ku Zambia

Abale athu a ku Kafue, Ndola ndi Chipata, awa ndi malangizo amene timatsata kuno ku Kanengo mu Lilongwe tisanayatse pulanti kapena kusintha chilichonse pa mapaipi, ndawalemba mu Chinyanja chathu chomwechi kuti munthu wa pa shifiti awerenge yekha osadikira abwana kuti amufotokozere.

Musayambire mu ofesi ayi. Tengani pepala la mapaipi lija amati P&ID, mutsike nalo, muziyenda paipi ndi paipi mukuyerekeza ndi zomwe maso anu akuona. Kawirikawiri mupeza valavu yomwe pa pepala palibe, kapena hozi yomwe wina anamanga ndi mphira kalekale nkuiwalika. Lembani zonsezo. Pa gulu pakhale injiniya, makanika, wa zamagetsi, komanso opareta wa usiku asasiyidwe, chifukwa iyeyo ndi amene amadziwa kuti geji ya tanki yachiwiri imanama dzuwa la Okutobala likaswa mtengo.

Kenako khalani pansi muchite HAZOP, njira yofufuzira zoopsa pa pulanti. Njirayi inayambira ku kampani ya ICI ku Britain m'zaka za m'ma 1960 ndipo siyovuta, mumagawa pulanti m'tizigawo, pa kagawo kalikonse mumadzifunsa kuti nanga kemikolo itasiya kuyenda? Itachuluka, itachepa, itabwerera m'mbuyo? Nanga mutalowa china chosayenera? Mafunso omwewo muwabwereze pa kutentha, pa pulesha ndi pa mulingo wa mu tanki. Ine funso la china chosayenera ndi lomwe limandisowetsa tulo. Ku Bhopal ku India mu Disembala 1984 madzi analowa mu tanki ya methyl isocyanate, mpweya wapoizoni unatuluka usiku anthu ali mtulo ndipo anafa masauzande. Madzi wambawa. Ngakhale asidi wa sulphuric yemwe mumamuona m'mathanka a ku Copperbelt, mukathiramo madzi amatentha nkukuthovukirani kumaso, asidi ndiye amathiridwa m'madzi pang'onopang'ono, osati kutembenuza.

Funso lina lomwe ife ndi inu tonse tikulidziwa bwino: magetsi akathima mwadzidzidzi chimachitika nchani? Pampu ya madzi oziziritsa imaima koma zomwe zikuwira mu tanki sizidikira magetsi, ndiye lembani valavu iliyonse kuti ikatero imatseka yokha kapena imatsegula, komanso jenereta imatenga nthawi yaitali bwanji kuti idzuke.

Choopsa chilichonse chipatseni manambala awiri, 1 mpaka 5 ya kuthekera koti chichitike, 1 mpaka 5 ya kukula kwa ngozi yake, muchulukitse. Kwathu nambala yotulukayo ikafika 15 ntchito imaima kaye. Ndipo chonde yankho lisamangokhala magolovesi ndi masiki, zimenezo nzomaliza. Yambani mwaona ngati kemikoloyo ingachotsedwe kapena kusungidwa yochepa, kenako alamu ndi valavu yopumitsira pulesha.

SDS ya kemikolo iliyonse, chikalata chofotokoza kuopsa kwake ndi kasamalidwe kake, ili ndi zigawo 16, gawo 10 ndi lomwe limanena zomwe siziyenera kukumana. Inu a ku Kafue amene mumagwira ammonium nitrate, feteleza ameneyu asayandikane ndi dizilo, oyilo kapena moto wa owotcherera. Ku Beirut mu 2020 matani 2,750 amene anangosiyidwa mu shedi ya pa doko anaphulika nkugumula mbali ya mzinda.

Za kusintha kwa kanthawi nazo musaziderere. Ku Flixborough ku Britain mu 1974 anachotsa riyakita imodzi (tanki yosakaniziramo makemikolo) nkulumikiza paipi yongogwirizira popanda kuwerengera bwino, inathyoka, anthu 28 anafa. Ndiye paipi yongogwirizira, pampu ya mtundu wina, ngakhale kusintha kogula kemikolo, zonsezi zidutse pa fomu ndipo gulu likhalenso pansi lisanavomereze.

Wokonza makina asayambe opanda pemiti yosainidwa, loko wake amangirire pa swichi, kiyi akhale m'thumba mwake osati pa tebulo la supavaiza. Pa zomwe mwagwirizana lembani dzina la wochita ndi tsiku lomaliza, kope imodzi ipachikidwe mu chipinda cha maopareta. HAZOP yonse muibwereze pasanathe zaka 5, kapena msanga ngati pachitika kangozi ngakhale palibe wavulala.