Banja latha, mnzanga akukaniza ana: nditani?

Mwafunsa chochita popeza banja latha ndipo mnzanuyo akukukanizani ana. Musakawalande mokakamiza, zidzakutembenukirani kukhoti.

Yambani mwakambirana pali mkhalapakati, ndipo zomwe mwagwirizana zilembedwe. Zikakanika, kadandauleni kukhoti loona za ana kapena za mabanja. Nyamulani zikalata za kubadwa kwa anawo, malisiti a fizi ndi a kuchipatala, komanso umboni wa komwe azigona.

Chachikulu kwa woweruza si kuti analakwa ndani m'banjamo, koma chomwe chingakomere mwana, monga limanenera Pangano la United Nations la Ufulu wa Ana la 1989. Mwana wozindikira amamvedwanso maganizo ake. Kholo lomwe silinapatsidwe ana kawirikawiri limaloledwa kumawaona, koma chithandizo limaperekabe. Zinthu zikadzasintha, kapempheni khoti liunikenso chigamulocho.