Momwe mungalembere buku la nthano ya ufumu, banja ndi ziwembu osasochera pakati

Buku langa linanditengera zaka zitatu, koma kunena chilungamo chaka chimodzi chathunthu chinathera pokonza chinthu chimene ndikanachikonza madzulo amodzi ndisanayambe kulemba. Ndiye inu amene mumafunsa kuti nthano zazitali zija za maufumu akuluakulu, matsenga ndi abale odyerana masuku pamutu zimalembedwa bwanji, nayi njira imene ndinadutsa ine.

Choyamba, musachedwe ndi mapu. Aliyense amayambira pamenepo chifukwa kujambula mapiri ndi mitsinje kumakoma, umadzimva ngati ukugwira ntchito chonsecho sunalembe chiganizo ngakhale chimodzi. Tengani pepala wamba, mphindi 20 basi, ikani likulu, malire, doko ndi mizinda itatu kapena inayi. Chofunika pa mapuwo ndi kudziwa kuti mthenga wa pa hatchi amatenga masiku angati kuchoka ku likulu kukafika kumalire, chifukwa chiwembu chonse chimadalira kuti ndani wamva kale kuti mfumu yamwalira, nanga ndani sanamve. Mapulogalamu ojambulira mapu olipira mwezi ndi mwezi aja asiyeni kaye, ine ndinalipira miyezi iwiri ndipo mapu amene ndinagwiritsa ntchito mpaka kumapeto ndi a pensulo omwe aja.

Chachiwiri, ndipo apa ndipomwe ndinagwa chagada, lembani lamulo la kalowedwe ka ufumu musanalembe chaputala 1. Mfumu ikafa amalowa ndani? Mwana woyamba, mng'ono wake wa mfumu, mwana wa mlongo wake, kapena amene nduna zasankha? Akazi amalowa? Mwana wa mdzakazi amawerengedwa? Kenako lamulolo musiye ndi mpata umodzi pomwe anthu awiri angathe kunena kuti mpando ndi wanga onse osanama. Nkhani yanu yonse ikhala mumpata umenewo.

Mukasowa poyambira werengani mbiri yeniyeni, ndi yaulere komanso ndi yoopsa kuposa zimene mungapeke. Mu ufumu wa Mughal ku India munalibe lamulo lokhazikika loti woyamba kubadwa ndiye alowe, ndiye ana a mfumu Shah Jahan anamenyana bambo awo ali moyo, Aurangzeb n'kupambana, mu 1658 n'kutsekera bambo akewo ku Agra komwe anakhala mpaka kumwalira mu 1666, mkulu wake Dara Shikoh anamupha mu 1659. Mu ufumu wa Ottoman, komwe lero kuli Turkey, Mehmed III atangolowa ufumu mu 1595 analamula kuti abale ake aamuna 19 aphedwe. Ku Roma m'chaka cha 69 chokha kunakhala mafumu anayi, Galba, Otho, Vitellius ndi Vespasian. Mukaonetsetsa, nkhanza zonsezi zinali ndi chifukwa chake, munthu amapha amene lamulo kapena asilikali angamuike pampando.

Ine izi sindinachite. Ndinangolemba monga mmene zimabwerera m'mutu, machaputala 22, kenako n'kupatsa mnzanga wina kuti awerenge ndili ndi chimwemwe chonse. Patapita masiku anayi ananditumizira uthenga umodzi wokha, "aise, mng'ono wa mfumuyu akufuna kupha mtsikanayu chifukwa chani, poti pa chaputala 3 wanena wekha kuti akazi salowa ufumu?" Ndinatsegula chaputala 3, zinalipodi, nduna yokalamba ikunena pamaso pa bwalo lonse. Ndiye kuti poizoni, makalata obisika, mlonda wogulidwa, machaputala asanu ndi anayi a chiwembu, zonsezo zinali zofuna kupha munthu amene sankaopseza aliyense. Ndisanapume n'komwe anatumizanso wina, akuti kalonga wobisika wa m'nkhanimo ali ndi zaka 17 koma bambo ake mwati anafera kunkhondo zaka 20 zapitazo, ndiye mimba yake inali ya zaka zitatu? Ndinatseka laputopu, sindinaitsegulenso mwezi wathunthu.

Mankhwala ake ndi osavuta mpaka kuchititsa manyazi. Tsegulani Google Sheets, pulogalamu yopangira matebulo, kapena ingojambulani mizere m'kope. Munthu aliyense mzere wake: dzina, chaka chobadwa, chaka chomwalira, mayi ake ndani (mayi, osati bambo okha, nyumba za mafumu zimagawikana potsata amayi a ana), akufuna chani, akuopa chani, akudziwa chinsinsi chiti ndipo anachidziwa pa chaputala chanji. Zaka muziwerenga kuyambira pomwe ufumu wanuwo unakhazikitsidwa, chimenecho chikhale chaka 1. Pamwamba penipeni lembani lamulo la ufumu lija m'ziganizo zosapitirira zitatu, ndipo musalisinthe pakati pa buku pokhapokha ngati munthu wina m'nkhanimo ndiye akulisintha, zomwe pazokha ndi chiwembu chokoma. Ine nditapanga tebulo limeneli ndinapeza zolakwika zina zisanu ndi chimodzi, kuphatikiza agogo amene anabereka ali ndi zaka 9. Ndinasintha lamulo kuti mwana wamkazi amalowa ngati palibe wamwamuna wobadwa kwa mfumukazi, apo mtsikana uja anasanduka woopsa zenizeni, kalonga wobisikayo n'kukhala mwana wa mdzakazi, ndipo munthu mmodzi amene ndinkamukonda kwambiri ndinamufufuta yense chifukwa analibe chomwe ankafuna, ankangoyankhula zanzeru basi. Zinandiwawa koma palibe wowerenga amene anamusowa.

Chachitatu, dziwani kuti asilikali amalipidwa ndi ndani. Ufumu ndi msonkho, tirigu kapena chilichonse chimene anthu anu amadya, ndi malipiro a asilikali. M'chaka cha 193 asilikali olondera mfumu ku Roma anapha mfumu yawo Pertinax n'kupereka mpando kwa Didius Julianus amene analonjeza ndalama zambiri, iyenso sanathe miyezi itatu. Ndiye m'buku mwanu msungichuma akhale munthu woti akalowa m'chipinda anthu azikhala chete. Matsenga nawonso akhale ndi mtengo wake, wogwiritsa ntchito azitaya kanthu, magazi, zaka za moyo, kukumbukira, kaya chani, apo ayi wowerenga afunsa kuti bwanji wamatsengayo sanangothetsa nkhondo pa tsamba 10.

Chachinayi, sankhani anthu amene tizionera nkhani m'maso mwawo. Asapitirire anayi pa buku loyamba, ndipo asakhale onse a mbali imodzi. Zokambirana mukudziwa kale, anthu andale sanena zimene akufuna, amafunsa za thanzi la mwana wako pomwe akukuopseza.

Kulemba kwenikweni ndi masamu chabe. Mawu 500 patsiku, masiku 240, muli ndi mawu 120,000, lomwe ndi buku lokwanira la mtundu umenewu. Chaputala chilichonse fayilo yakeyake, chifukwa fayilo imodzi yaikulu pafoni imachedwa kutseguka mpaka kukutopetsa. Google Docs ndi yaulere ndipo imasunga zimene munafufuta, Scrivener, pulogalamu yolembera mabuku, ndi yogula, yabwino koma siikulemberani buku. Sungani mafayilo anu malo awiri.

Mukamaliza lisiyeni mwezi umodzi kenako mupatse anthu awiri, mmodzi akhale wokonda kutsutsa ngati mnzanga uja. Pa akonzi chenjerani. Wina amene ndinamupeza pa intaneti anandiuza ndilipire zonse asanayambe, patatha masabata asanu anabweza fayilo atangosintha makoma ndi mafulusitopu, dzina la mfumukazi atalilemba mitundu iwiri. Muziyamba mwapempha akonze masamba asanu muone dzanja lake, ndipo mulipire theka. Nawonso aja amakulemberani kuti "takonda buku lanu" asanaliwerenge kenako n'kutchula ndalama yoti mulipire kuti asindikize, ingofufutani uthengawo, wosindikiza weniweni salipiritsa mlembi.

Zotsalazo ndi zachangu. Chikuto lipirani munthu wodziwa, zilembo za mutu zizioneka ngakhale chithunzi chikhale chaching'ono pafoni. Ikani mndandanda wa mayina ndi ubale wawo kumayambiriro, mwautenga pa tebulo lija. Ngati mukudzisindikizira nokha, kuika buku pa Amazon KDP, malo a pa intaneti odzisindikizira mabuku, ndi kwaulere ndipo la pepala amakupatsani ISBN, nambala yozindikiritsa buku, yaulere. Itanitsani kope limodzi kaye muone ngati mapu sanadulidwe m'mbali, anga anadulidwa doko lonse.