Kugoneka ma hard drive a seva ya kunyumba popanda kuwatopetsa

Seva yanga ndi kompyuta yakale yoyendera Debian, mtundu wina wa Linux. Muli SSD imodzi ya sisitimu ndi ma hard drive anayi a mainchesi 3.5 osungira zithunzi ndi mafilimu a pabanja. Disk yotereyi ikamangozungulira popanda ntchito imadya mawati 4 kapena 5, koma ikagona, ndiye kuti ikasiya kuzungulira, sifika ndi wati imodzi yomwe. Anayiwo akazungulira usana ndi usiku, mayunitsi oposa 10 amapita pamwezi, ndipo magetsi akazima batire ya inverter siyichedwa kutha. Ndiye kuwagoneka kuli ndi phindu, bola agone kwa nthawi yaitali.

Yambani ndi lamulo la sudo hdparm -C /dev/sdb (hdparm ndi pulogalamu yolamulira ma disk, /dev/sdb ndi dzina la disk yanu). Ikayankha active/idle ndiye kuti ikuzungulira, ikati standby yagona. Lamuloli silidzutsa disk, muligwiritse ntchito momasuka.

Nthawi yodikira isanagone imaikidwa ndi hdparm -S, ndipo manambala ake amapusitsa. Kuyambira 1 mpaka 240, nambala iliyonse ndi masekondi 5: 120 ndi mphindi 10, 240 ndi mphindi 20. Kuyambira 241 mpaka 251 zimayenda ndi theka la ola: 241 ndi mphindi 30, 242 ndi ola lathunthu. 0 amaletsa kugona. Ine ndimaika 242. Ambiri amathamangira mphindi 5 poganiza kuti apulumutsa magetsi ochuluka, komatu mota imavutika kwambiri podzuka, pamene imakoka ma amp pafupifupi 2 pa 12 V. Disk yogona ndi kudzuka kangapo ola lililonse, bola ingozungulira tsiku lonse.

Pali batani lina, -B, lomwe limauza disk kuchuluka kwa ufulu wodzisungira magetsi. 1 mpaka 127 amailola kuima yokha, 128 mpaka 254 sailola, 255 amazimitsa zonsezo. Manambala otsika amachititsa kuti timitu towerenga tizibwerera pamalo pake kawirikawiri, ndipo kumeneko n'kutha kwa disk. Yambani ndi 254. Ngati ola litadutsa disk ikadazungulirabe, yesani 127. Kenako yang'anani sudo smartctl -A /dev/sdb, mzere 193, Load_Cycle_Count, womwe umawerenga maulendo omwe timituto tabwerera. Lembani nambalayo lero, muyerekeze ndi ya mawa. Ikamakwera ndi mazana patsiku, pali vuto. Ma disk akale a WD Green ankabweza timitu pakangotha masekondi 8, pomwe anapangidwira maulendo 300,000 okha. Mankhwala ake ndi idle3ctl -d, kenako kuzimitsiratu kompyuta ndi kuyatsanso.

Zomwe mwaika ndi hdparm zimafufutika seva ikazima. Zilembeni mu /etc/hdparm.conf, spindown_time = 242 ndi apm = 254, pansi pa dzina la disk lochokera mu /dev/disk/by-id. Musadalire sdb, chifukwa mawa ikhoza kudzuka ili sdc.

Ntchito yeniyeni ndi kupeza chomwe chikuidzutsa. Woyamba kumukayikira ndi smartd, yemwe amafunsa za thanzi la disk mphindi 30 zilizonse. Mu /etc/smartd.conf onetsetsani kuti pali -n standby,q kuti aisiye ikagona. Mu /etc/fstab onjezerani noatime kuti sisitimu isamalembe pa disk nthawi yomwe fayilo yatsegulidwa. Ma log, ma database, Docker ndi tizithunzi ta Plex kapena Jellyfin (mapulogalamu oonetsera mafilimu) zisamutsireni ku SSD. Zikatsala pa hard drive, iwalani zogona. Ikamadzukabe, yatsani sudo fatrace usiku, m'mawa mudzaona pulogalamu yomwe imagwira mafayilo. Ngati ma disk anu ali mu RAID 5, momwe fayilo iliyonse imagawidwa pa ma disk onse, dziwani kuti filimu imodzi imadzutsa onse, ndipo phindu limachepa.

Ma disk a m'bokosi la USB nthawi zambiri samvera hdparm. Pamenepo ikani hd-idle, yomwe imawerenga masekondi enieni: hd-idle -i 0 -a sdb -i 3600.

Chomaliza ndi cha ife amene magetsi amatithawa osatsanzika. Ngati mulibe UPS (batire yogwirizira kompyuta magetsi akazima), ikani hdparm -W0 kuti disk isamasunge m'kachikumbutso kake zinthu zomwe sinazilembe. Kukopera mafayilo kumachedwerako, koma zithunzi za ukwati zilibe kogula. Mu hdparm.conf mzere wake ndi write_cache = off.