Kutumiza ndalama kumudzi ndi kwina, kuika mpamba ndi kwinanso

Munthu akamayenda m'madera a Matawale, Chinamwali, Sadzi kapena Three Miles mumzinda wa Zomba amaona nyumba zambiri zimene zinalekezera m'mawindo, udzu utamera m'zipinda ndipo njerwa zitayamba kudyeka ndi mvula. Akafunsa mwini wake, kawirikawiri yankho limakhala lakuti ali ku Joni, ku Cape Town, ku Ireland kapena ku Mangalande. Anthu amenewa si aulesi ayi, ndipo ambiri mwa iwo atumiza ndalama kumudzi kwa zaka zochuluka kudzera ku Mukuru, Hello Paisa kapena WorldRemit. Chimene chimawagwetsa n'chakuti ndalama zonse amazitumiza ngati mtolo umodzi, osasiyanitsa zothandizira abale, zosungira tsiku la mavuto ndi zoti zibereke zinzake.

Ndalama ya fizi, ya feteleza, ya mankhwala a amayi kapena ya chipepeso pamaliro ndi chithandizo, ndipo ikapita siibwerera. Palibe cholakwika pamenepo, chifukwa ambiri a inu okhala kunja munachokera kumudzi n'cholinga chomwecho. Chofunika n'kuikira chithandizocho malire a pamwezi, n'kuwauza abale mwaulemu koma momveka kuti malirewo ndi amenewo. Mpamba ndi ndalama ina, imene mwaiika pamalo olembedwa m'dzina lanu, yoti pakapita nthawi ibwere ndi phindu loposa mmene mitengo ya zinthu yakwerera. Ngati chinthu sichili m'dzina lanu, kapena simungathe kuwerengera chimene chikubweretsa pachaka, musachitche mpamba.

Musanaganize za phindu, yambani mwathana ndi ngongole, makamaka ya katapila ndi ija munatenga yoyendera ulendo, popeza palibe malonda achilungamo amene phindu lake lingapose chiwongoladzanja cha katapila. Kenaka sonkhanitsani ndalama zokwanira lendi, chakudya ndi thiransipoti kwa miyezi itatu kapena kuposerapo, pamodzi ndi ya tikiti yobwerera kumudzi. Amene anali ku South Africa m'zaka za 2008 ndi 2015, pamene alendo ankathamangitsidwa m'makomboni, akudziwa kuti munthu akhoza kuchoka ndi chovala cha m'thupi chokha. Ndalama imeneyi ikhale pamalo poti mukhoza kuitapa tsiku lomwelo, osati pansi pa matiresi m'chipinda chogona anthu asanu, komanso osati mu akaunti ya mnzanu. Lowaninso m'gulu lodalirika lothandizana pamaliro kapena gulani inshuwalansi ya maliro, chifukwa kutumiza thupi kumudzi kumadya ndalama zimene banja linasunga kwa zaka.

Mdani wamkulu wa ndalama yosungidwa m'makwacha ndi kukwera mitengo kwa zinthu pamodzi ndi kugwa mphamvu kwa ndalamayo. Mu May 2022 banki yaikulu ya Reserve inachepetsa mphamvu ya kwacha ndi 25 peresenti, ndipo mu November 2023 inaichepetsanso ndi 44 peresenti, moti dola imene inali pafupifupi K1,180 inafika pa K1,700. Munthu amene anali ndi K1,700,000 ku banki anagona ali ndi ndalama yokwana madola pafupifupi 1,440, n'kudzuka ali ndi madola 1,000, popanda wakuba aliyense kulowa m'nyumba. M'chaka cha 2024 mitengo ya zinthu inakwera ndi pafupifupi 30 peresenti. Tiyerekeze kuti munaika K1,000,000 mu akaunti yopereka chiwongoladzanja cha 10 peresenti m'chaka chotero. Pakutha pa chaka muli ndi K1,100,000, koma simenti ndi malata zimene zinali K1,000,000 tsopano zili K1,300,000. Nambala ya m'buku yakula, koma chuma chanu chachepa. Choncho funso loyamba pa chilichonse chimene akukutsatsani likhale lakuti, kodi phindu lake, atachotsa msonkho ndi ndalama zolipira oyendetsa, likuposa kukwera kwa mitengo?

Apa ndi pamene inu okhala kunja muli ndi mwayi umene ife a kumudzi tilibe, chifukwa mumalandira marandi, mapaundi, mayuro kapena madola. Si nzeru kusintha zonse kukhala makwacha. Kulowetsa ndalama zakunja m'Malawi n'kosavuta, koma kuzitulutsanso n'kovuta popeza m'mabanki ndalama zakunja zimasowa, choncho ndalama iliyonse imene mwaisintha muiwerenge kuti yakhazikika kumudzi. Mabanki a m'Malawi ali ndi maakaunti a anthu okhala kunja komanso maakaunti osungiramo ndalama zakunja osazisintha, ndipo ndi bwino kufunsa malamulo ake otapira musanatsegule. Amene muli ndi mapepala okwanira musanyoze mwayi wa m'dziko limene mukukhalalo. Ku United Kingdom olemba ntchito amawonjezera ndalama yawo pa penshoni ya wantchito, kotero kutulukamo n'kukana malipiro anu omwe, ndipo kulinso akaunti ya ISA imene phindu lake sililipiridwa msonkho. Ku South Africa nakonso kuli akaunti yosungira ndalama yopanda msonkho imene inayamba mu 2015.

Kwa ndalama imene mwasankha kuti igwire ntchito kumudzi, maganizo anga ndi akuti woyamba kumene ayambe ndi zinthu zosafuna maso a tsiku ndi tsiku. Choyamba ndi kukongoza boma kudzera mu Treasury bills, zimene banki ya Reserve imagulitsa kwa masiku 91, 182 kapena 364. Mumagula pamtengo wotsika, ndipo nthawi ikakwana boma limakubwezerani ndalama yathunthu yolembedwayo. Mukhoza kugula kudzera ku banki yanu, ndipo chiwongoladzanja chake nthawi zambiri chimaposa cha akaunti wamba, ngakhale kuti sichikutetezani kwacha ikagwa. Palinso fixed deposit ya ku banki, imene mumatsekeramo ndalama kwa nthawi yoikika, komanso ma unit trust monga a Old Mutual, mmene ndalama za anthu ambiri zimaphatikizidwa n'kuyendetsedwa ndi akatswiri. Kumeneko funsani kuti amadula zingati pachaka, komanso kuti pamatenga masiku angati kuti mulandire ndalama yanu mukaifuna.

Chachiwiri ndi masheya. Msika wa Malawi Stock Exchange uli ku Blantyre, ndipo kampani yoyamba kugulitsapo masheya ake inali NICO mu 1996. Lero pali makampani odziwika kwa aliyense, monga National Bank, Standard Bank, NBS, FDH, Airtel, TNM, Illovo, Press Corporation ndi Sunbird, imene ili ndi hotela ya Ku Chawe pamwamba pa phiri la Zomba. Kugula sheya n'kugula kagawo ka kampaniyo. Ikapanga phindu imagawirako eni masheya, ndipo mtengo wa sheyayo ukakwera mukhoza kuigulitsa mopindula. Simugula nokha, koma mumadzera kwa ogulitsa masheya ovomerezeka monga Stockbrokers Malawi Limited, Continental Capital kapena Cedar Capital, amene amakutsegulirani akaunti ya CSD mmene masheya anu amalembedwa m'dzina lanu. Amafuna chiphaso cha unzika kapena pasipoti ndi akaunti ya ku banki yolandirira phindu, choncho mukabwera kutchuthi cha Khirisimasi patulani tsiku limodzi lokonza zimenezi.

Mtengo wa masheya umakwera ndiponso umatsika, ndipo msika wathu ndi waung'ono, moti nthawi zina wogulitsa amadikira masiku angapo asanapeze wogula. Pa chifukwa chimenechi musaikeko ndalama imene mudzaifune chaka chino kapena cha mawa. Gulani pang'onopang'ono mwezi ndi mwezi, m'makampani a ntchito zosiyana osati mabanki okhaokha, ndipo phindu limene mwalandira muziguliranso masheya ena, popeza ndalama imakula msanga pamene phindu nalonso layamba kubereka. Musathamangire sheya chifukwa choti pa gulu la WhatsApp aliyense akuitama, pakuti nthawi imeneyo mtengo umakhala utakwera kale.

Tsopano za poloti ndi nyumba, zimene zili pamtima pa aliyense. Nyumba yodzakhalamo mukabwerera ndi yofunika, koma siibweretsa ndalama, choncho musaiwerengere ngati malonda. Nyumba ya lendi ndiye malonda, ndipo iyenera kuwerengeredwa. Tiyerekeze kuti poloti ndi kumanga zadya K30,000,000, ndipo lendi ndi K150,000 pamwezi. Pachaka ndi K1,800,000, kutanthauza 6 peresenti yokha, musanachotse zokonzetsa, msonkho wa khonsolo ndi miyezi imene nyumba ilibe munthu. Ubwino wake ngwakuti mtengo wa malo ndi nyumba umakonda kukwera pamodzi ndi mitengo ya zinthu. Ku Zomba ambiri amamanga zipinda za ophunzira a ku yunivesite ya Malawi (Chanco) m'dera la Chikanda, chifukwa malo ogona pasukulupo sakwana, koma owerengera bwino amakumbukira kuti sukulu ikatsekera lendi imaima, ndipo ophunzira amafuna madzi, magetsi ndi chitetezo.

Pogula malo musakhutire ndi kalata ya amfumu yokha kapena mawu a dobadoba. Mkati mwa mzinda fufuzani ku khonsolo ya mzinda wa Zomba, ku Malawi Housing Corporation kapena ku ofesi ya zamalo, malinga ndi amene akuyang'anira malowo, kuti mudziwe mwini wake weniweni komanso ngati sanagulitsidwe kale kwa wina. Ngati ndi malo a banja, onse okhudzidwa asainire pamaso pa mboni, chifukwa kwathu kuno malo amayendera mbumba, ndipo amalume mmodzi sangagulitse okha. Mapepala onse atuluke m'dzina lanu, osati la achimwene kapena alamu, ngakhale mumagwirizana chotani lero. Tumani munthu akaone malowo nthawi ya dzinja, pakuti namondwe Freddy wa mu March 2023 anaonetsa zimene madzi amachita m'mphepete mwa mitsinje monga Likangala ndi m'munsi mwa mapiri. Pomanga, gawani ntchito m'zigawo, lipirani sitolo ya zomangira mwachindunji, ndipo mmisiri alandire gawo likatha, ataliona munthu wina amene sagwira ndalamazo. Chithunzi cha pafoni chokha si umboni, popeza maziko a nyumba amafanana.

Minibasi, njinga yamoto ya kabaza, golosale kapena kupikula mpunga ku Domasi ndi nsomba ku Kachulu ndi malonda opindulitsa kwa amene ali pomwepo. Kwa munthu amene ali kutali ine ndimaziika kumapeto, chifukwa ndalama yake imalowa tsiku ndi tsiku m'manja mwa wina, ndipo nkhani za matayala, injini ndi apolisi apamsewu simungazitsimikize muli ku Durban. Ngati cholinga chanu n'kupezera mng'ono wanu chochita, muguleni njingayo ngati mphatso kapena ngongole yolembedwa, kuti chibale chisathere pa ndalama. Banki m'khonde ndi chipereganyu zimathandiza kudziletsa, koma zimadalira kukhulupirika kwa anthu, pamene SACCO yolembetsedwa imayang'aniridwa ndi malamulo.

Chenjerani ndi aliyense wolonjeza phindu lotsimikizika la 20 kapena 30 peresenti pamwezi, makamaka akamati mubweretse anzanu kuti mulandire zambiri. Anthu ochuluka ku South Africa anataya ndalama mu MMM, komanso mu Mirror Trading International imene inagwa mu 2020, ndipo oyamba kulowa ankalipidwa ndi ndalama za obwera pambuyo. Akuluakulu anati ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada. Musanapereke ndalama fufuzani ngati kampaniyo ili ndi chilolezo cha banki ya Reserve kuno kumudzi, cha FSCA ku South Africa kapena cha FCA ku United Kingdom, amene ndi mabungwe oyang'anira makampani a zachuma m'mayikowo, ndipo musalole kuumirizidwa kuti mulipire lero lomwe ngakhale wokuitananiyo ndi wa mumpingo mwanu.

Sungani kope limodzi lolembamo maakaunti anu, nambala ya CSD, mapepala a malo ndi ngongole zimene anthu ali nazo kwa inu, ndipo munthu mmodzi wodalirika adziwe pamene lili. Lembaninso wilo. Lamulo la chuma cha masiye la 2011 limateteza mkazi kapena mwamuna wotsala pamodzi ndi ana, koma popanda wilo banja limayenda mtunda wautali m'maofesi ndi m'makhoti lisanalandire kanthu, ndipo dzina la wachibale limene munalemba pa fomu ya ku banki palokha silimupatsa umwini wa ndalamazo. Ngati muli ndi banja lina kunjako, wiloyo itchule ana onse mayina awo ndi gawo la aliyense, ndipo isainidwe pamaso pa mboni ziwiri zimene sizilandira nawo chumacho.