Musanagule katundu ku Tete, ganizirani tsiku lomugulitsa

Ambirife Amalawi tinawoloka malire kulowa mu Mozambique pa Zobue kapena pa Calomue ndi chikwama chimodzi, koma pakatha zaka ziwiri nyumba ya lendi yadzaza. Kenaka kontirakiti ya ku migodi ya malasha ku Moatize yatha, kapena kumudzi kwagwa zovuta, ndiye katundu yense uja asanduke ndalama m'sabata imodzi. Ndaonapo abale athu akupereka sofa pa mtengo wongotaya, misozi ili m'maso, ndipo zimandipweteka chifukwa ndalamazo anazikhetsera thukuta padzuwa la kunoli.

Chimene ndaona n'chakuti katundu amene womugula akapangire geni sagwa mtengo msanga. Woyamba ndi filiza. Amene mwakhalapo kuno mu Okutobala ndi Novembala mukudziwa kuti kutentha kumapitirira madigiri 40, ndipo madzi ozizira, ayezi ndi mafilizesi zimayenda malonda tsiku lililonse. Filiza ya bokosi yoziziritsa bwino, mayi wa geni amaitenga tsiku lomwelo osanenerera kwambiri, poti akudziwa kuti ibweza yokha ndalama zake. Firiji ya zitseko ziwiri ndi yokongola m'nyumba, koma ogula ake ndi ochepa. Mukamagula filiza yogwiritsidwapo kale ntchito, auzeni ayiyatse kwa ola lathunthu, mumvetsere kulira kwa kompuresa, muonenso labala wa pachitseko. Akati anangoithira kumene gasi, funsani kuti kangati. Yothiridwa kawirikawiri ndiye kuti ikudontha penapake, ndipo vutolo mudzaligulitsa movutikira.

M'gulu lomweli muli makina osokera, makina owotcherera zitsulo, silinda ya gasi wophikira, malata osaboola ndi njinga yakapalasa. Zitsulo zotere zimakalamba mochedwa, amisiri ozikonza ali paliponse.

Njinga yamoto nayo ili ndi msika chifukwa cha kabaza, koma mtengo wake wagona pa mapepala. Yopanda livrete (chikalata cha umwini wa njingayo), kapena imene manambala a injini ndi a felemu akusiyana ndi a papepala, musaiyandikire ngakhale atatchipitsa chotani. Ife ndife alendo, abale anga, mlandu wa katundu wakuba ukatigwera umalemera kawiri. Lemberanani kalata yogulitsirana, pakhale mboni, lisiti musunge pamodzi ndi pasipoti. Pa galimoto, Toyota ndi imene imapeza wogula msanga poti zipangizo zake sizisowa. Koma musaiwale kuti ya nambala ya ku Mozambique mukafuna kukakhazikika nayo kwathu, a MRA adzafuna msonkho, ndipo umakwera malinga ndi zaka zake komanso kukula kwa injini.

Mafoni ndiye amandimvetsa chisoni. Itel ndi Tecno zimatulutsa mitundu yatsopano pafupipafupi, choncho yanu ya chaka chatha palibe woisirira. Samsung ndi iPhone zimalimbako, bola sikirini isakhale yosintha ndipo muchotsemo akaunti yanu musanapereke. Kutentha kumatupitsanso mabatire. N'chimodzimodzi ndi sola: panelo imakhala zaka zambiri ndipo wogula sakayika, koma batire lake likatha zaka ziwiri muziwerengera kuti mtengo wapita.

Sofa, matiresi, makatani, TV ndi zovala, izi gulani zoti mugwiritse ntchito basi. Matiresi ogonedwa anthu amawaopa nsikidzi, ndipo zovala zanu sizingapikisane ndi kaunjika, amene kuno amati calamidade, wodzaza m'misika.

Nanga kugulitsa kapena kunyamula? Filiza ndi makina osokera ine ndimati nyamulani ngati mayendedwe alipo, chifukwa kwathu kukagula zatsopano n'kodula, makamaka chigwereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Mphamvu ya magetsi ndi yofanana, mudzangosintha pulagi poti ya kuno ndi ya mano ozungulira pamene ya kwathu ndi ya mano atatu aphwatalala. Fufuzani kwa a MRA musanapakire za mmene amachitira ndi katundu wa munthu wobwerera kwawo, osadikira kukamvera pa Mwanza lole itaima.

Zimene mwasankha kugulitsa, yambani kudakali mwezi wathunthu, chimodzichimodzi, ndipo musalengeze kuti mukusamuka. Ogula akangonunkhiza kuti muli pachangu, mtengo amaudula pakati. Yambani ndi anzanu a kutchalitchi kapena kumzikiti ndi magulu a WhatsApp a Amalawi, kenaka Facebook. Za "ndikupatsani kumapeto kwa mwezi" kanani mwaulemu, poti mukadzawoloka malire palibe adzakutumizirani. Akalipira pa M-Pesa kapena e-Mola, musakhutire ndi uthenga wokha, yang'anani nokha ngati ma meticais alowadi mu akaunti, katundu atuluke pambuyo.