Mwasiya mowa kapena nyaope kuno ku Joni: konzekerani Lachisanu lolandira malipiro

Taganizirani m'bale wathu amene amagwira ntchito ya m'munda wa maluwa ku Randburg, ndipo watha miyezi inayi osalawa mowa. Lachisanu lomaliza la mwezi wa Juni abwana amupatsa malipiro ake m'manja, iye wakwera tekisi mpaka pa renki ya Bree, ndipo akuyenda wapansi kupita kuchipinda chake ku Hillbrow. Chidyereni buledi m'mawa sanaikenso kanthu m'kamwa, mphepo ya madzulo ikulowa mpaka m'mafupa, ndipo njira imene mapazi ake anazolowera imadutsa pa shabini pomwe pakumveka nyimbo za kumudzi. Mnzake wakale akumukuwira ali pakhomo kuti, "Achimwene, mwatitaya chonchi? Bwerani, limodzi lokha, ndagula ndine." M'baleyu akafika pamenepa alibe chimene anakonzeratu, ndiye kuti zambiri zomugwetsa zachitika kale botolo lisanatsekulidwe: ndalama zili m'thumba, mimba ili pululu, ndipo waima pamalo pomwe thupi lake limapadziwa bwino.

Akuluakulu anati madzi saiwala khwawa, ndipo ubongo wa munthu amene anamwa kwa zaka zambiri uli chimodzimodzi. Nthawi iliyonse imene mowa, chamba, kapena mankhwala ozunguza bongo osuta otchedwa tik ndi nyaope zinkamusangalatsa, ubongo unkatulutsa mankhwala ake achilengedwe otchedwa dopamine, n'kumasunga chilichonse chimene chinalipo pa nthawiyo, monga malo, fungo, nkhope za anzake, nyimbo, ngakhale ola lenileni la tsikulo. Munthu akasiya, zikumbutso zimenezi sizifufutika msanga, ndipo akakumana nazo chibaba chimadzuka chokha asanaganize n'komwe. N'chifukwa chake bungwe la ku America lofufuza za mankhwala ozunguza bongo, National Institute on Drug Abuse, limanena kuti anthu 40 mpaka 60 mwa 100 alionse amene alandira chithandizo amadzabwererako nthawi ina, zomwe sizisiyana kwenikweni ndi matenda ena a mgonagona monga kuthamanga kwa magazi. Chiwerengero chimenechi sichiyenera kukutayitsani mtima, koma chikuphunzitseni kuti kulimba mtima pakokha sikokwanira ngati tsiku loopsa simunalikonzekere.

Tsiku loopsa kwambiri kwa ambiri a ife ndi lolandira malipiro, choncho yambani ndi ndalama. Ngati muli ndi akaunti ku banki, pemphani abwana kuti aziika malipiro m'menemo m'malo mokupatsani m'manja. Ngati zimenezo sizingatheke, ndalama ya lendi ndi imene mumatumiza kumudzi kudzera ku Mukuru kapena njira ina zituluke m'thumba mwanu tsiku lomwelo musanalowe m'dera lanu, ndipo yotsalayo ikakhale ndi munthu amene mumamukhulupirira, kaya ndi mayi a kunyumba kaya amalume amene munawapeza kuno. Idyani musanakwere tekisi, ngakhale chipisi kapena pap ndi nyama ya pa renki. Sinthani njira, ngakhale italike ndi mphindi khumi, ndipo ngati n'kotheka tsikirani pena. Mawu oyankhira oitanawo akhale okonzeratu komanso aafupi, monga akuti, "Pepani achimwene, ndinasiya," ndipo muwanene mukuyenda, chifukwa amene waima kuti afotokoze zifukwa zake amapezeka wakhala kale pa kireti.

Anthu a m'magulu othandizana kusiya mowa amachenjezana za zinthu zinayi zimene zimafooketsa munthu, zomwe ndi njala, mkwiyo, kusungulumwa ndi kutopa. Njala ndi kutopa n'zosavuta kuzizindikira. Chimene ndaona kuti chimagwetsa abale athu ambiri kuno ndi kusungulumwa kophatikizana ndi nkhawa za kumudzi. Lamlungu masana ntchito kulibe, mwakhala nokha m'chipinda chimene mumagawana ndi anthu atatu, foni yalira ndipo akukuuzani kuti fetereza sanagulidwe, mwana amubweza kusukulu chifukwa cha fizi, kapena kwagwa maliro amene simungathe kukafikako. Mukaphatikizapo mantha a mapepala ndi mawu achipongwe amene munamva kuntchito, mtima umayamba kunong'oneza kuti botolo limodzi lingakupumitseni. Pa nthawi yotere dziwani kuti chibaba chimakwera, chimafika pachimake, kenako chimatsika chokha, ndipo kawirikawiri sichikhala pachimakepo kupitirira theka la ola ngati simukuchidyetsa ndi maganizo. Tulukani m'chipindamo, imwani tiyi wotentha, chapani zovala, ndipo koposa zonse imbirani foni munthu mmodzi amene munapangana naye kale kuti azikuyankhani ola lililonse. Nambala yake ikhale pamwamba m'foni mwanu, ndipo manambala a amene ankakugulitsani muwafufute lero, osadikira tsiku lomwe mudzayesedwe.

Chisangalalo nachonso chimagwetsa, ndipo ambiri amaiwala zimenezi. Mu Disembala basi ikawoloka pa Beitbridge n'kukakutsitsani kwanu, mudzi wonse umayembekezera kuti wa ku Joni wafika ndipo agula. Pali zinkhoswe, maukwati, kachasu wa mtengo wotsika, komanso manyazi oopa kuoneka waumbombo. Uzanitu abale anu pa foni musananyamuke kuti munasiya, gulirani anthu zakumwa zoziziritsa kukhosi ndi ndiwo, ndipo pa mwambo uliwonse mukhale ndi chakumwa chanu m'manja kuti wina asapeze mpata wokupatsani chake. Amene analipo kuno mu 2020 akukumbukira kuti boma litaletsa kugulitsa mowa kuyambira pa 27 Marichi chifukwa cha Covid-19, anthu anayamba kufulula wa zinanazi m'zidebe m'nyumba zawo. Kutseka malo omwera kumathandiza, koma ludzu limatsala mwa munthu, ndipo n'lomwe liyenera kusamalidwa.

Pali zoopsa ziwiri za m'thupi zimene aliyense ayenera kuzidziwa. Choyamba, munthu amene wakhala akumwa kwambiri tsiku ndi tsiku asasiye mwadzidzidzi ali yekha m'chipinda, chifukwa m'masiku awiri oyambirira akhoza kunjenjemera n'kugwa ngati wakhunyu, ndipo pa tsiku lachiwiri mpaka lachinayi ena amasokonezeka mutu, kutuluka thukuta kwambiri ndi kuona zinthu zomwe palibe. Vuto limeneli limapha, koma kuchipatala kuli mankhwala olichepetsa, choncho kusiya kuyambire kukiliniki. Chachiwiri chikukhudza nyaope, imene mkati mwake muli heroin. Munthu akaisiya kwa milungu ingapo thupi lake silithanso kupirira mlingo umene ankasuta kale, moti akabwerera pa mlingo womwewo akhoza kusiya kupuma. Mukamupeza m'bale sakudzuka, akupuma mwapatalipatali ndipo milomo yasintha mtundu, mugonekeni chammbali ndipo imbani 10177, kapena 112 pa foni ya m'manja, chifukwa azachipatala ali ndi mankhwala a naloxone amene amabwezeretsa kupuma. Musazengereze poopa za mapepala, popeza gawo 27 la malamulo aakulu a dziko la South Africa limanena kuti munthu aliyense asakanizidwe chithandizo cha mwadzidzidzi.

Nanga mukaterereka n'kumwa? Katswiri wa za maganizo wa ku University of Washington, Alan Marlatt, anafotokoza kuti chimene chimasandutsa botolo limodzi kukhala mwezi wathunthu wa uchidakwa ndi ganizo lakuti, "Ndawononga kale, bola ndingopitiriza." Miyezi inayi ija sinapite pachabe chifukwa cha usiku umodzi. Tayani chotsalacho, uzani munthu wanu uja tsiku lomwelo matsire asanathe, ndipo khalani naye pansi kuti muone chimene chinachitika kuyambira m'mawa wa tsikulo: munadya kapena ayi, ndalama zinali kuti, munayenda njira iti, ndani anakuimbirani. Pomwe papezeke mpata ndi pomwe muyenera kutseka Lachisanu likudzalo.

Thandizo mumzinda muno lilipo. Bungwe la SANCA, limene linayamba mu 1956, limapereka uphungu ndi chithandizo kwa anthu ovutika ndi mowa ndi mankhwala ozunguza bongo. Magulu othandizana kusiya mowa a Alcoholics Anonymous, amene anayamba ku Akron m'dziko la America mu 1935, komanso a Narcotics Anonymous, othandizana kusiya mankhwala ozunguza bongo, amakumana m'madera ambiri, salipiritsa, safunsa pasipoti, ndipo dzina loyamba lokha n'lokwanira. Ngati Chingerezi kapena Chizulu chikukuvutani, pitani ndi mnzanu ndipo mukangomvetsera kufikira mutazolowera. Nambala yaulere ya 0800 12 13 14, imene a SADAG, bungwe lothandiza ovutika maganizo, amayendetsa mogwirizana ndi boma, imayankha nkhani zomwezi. Dokotala akhozanso kukulemberani mankhwala monga naltrexone ochepetsa chibaba cha mowa, kapena methadone kwa amene akusiya heroin, ndipo mapemphero a kutchalitchi kapena kumzikiti salimbana ndi mankhwala amenewa.

Inu a pabanja ndi okhala chipinda chimodzi ndi munthu amene wasiya mowa, musasunge mowa m'nyumbamo, musamubwezere ngongole za kushabini, ndipo musamutume kukagula ndiwo pafupi ndi malo ake akale pa tsiku lolandira. Ngati n'kotheka, mmodzi wa inu akamuchingamire pa renki Lachisanu madzulo, ndipo chakudya chikhale chitapsa iye akamafika.