Momwe Mungakonzere Malo Antchito Kuti Ogwira Ntchito M'banki Azichita Bwino

Wogwira ntchito pa kauntala akapanga shoti madzulo, mabwana ambiri amathamangira kunena kuti ndi wosasamala, chikhalirecho munthuyo wawerenga ndalama kuyambira m'mawa ali pampando wopanda choyedzamira, mzere wa makasitomala ukumuyang'ana. Ngati ndinu manijala wa nthambi, yambani mwakonza malo musanaloze munthu chala.

Choyamba, khalani pa kauntala kwa ola lathunthu tsiku lomwe anthu achuluka, makamaka kumapeto kwa mwezi. Onani ngati kuwala kukukwanira kuti munthu azindikire ndalama yachinyengo, ngati sikirini ya kompyuta ili molingana ndi maso, ndiponso ngati makina owerengera ndalama sakutsamwa pafupipafupi. Zimenezi zimaoneka zazing'ono, koma ndi zomwe zimatopetsa msana ndi maso mpaka munthu nkulemba ziro wowonjezera.

Kenaka konzani ndandanda yosinthana kuti aliyense azipuma masana, ndipo netiweki ikagwa, tulukani nokha mukafotokozere makasitomala m'malo mosiya wa pa kauntala kuti alandire mkwiyo wonse.

Gawo lofunika kwambiri ndi la chiwerengero cha maakaunti kapena ngongole zomwe mumapatsa antchito kuti akwaniritse. Chiwerengerocho chikhale chotheka, ndipo mukambirane nawo musanachikhazikitse, chifukwa munthu woopa kuchotsedwa ntchito amafuna njira yachidule. Mu 2016 banki ya Wells Fargo ku America inalipitsidwa chindapusa cha madola 185 miliyoni antchito ake atatsegula maakaunti popanda eni ake kudziwa, pofuna kufikira chiwerengero chomwe akuluakulu ankawapanikiza nacho, ndipo antchito oposa 5,000 anachotsedwa. Ine ndimaona kuti cholakwacho chinayambira m'maofesi a mabwana, ngakhale kuti amene analangidwa msanga anali a pansi.

Onetsetsaninso kuti aliyense akupita kutchuthi chake chonse. Kupumako kumabwezeretsa mphamvu, komanso kumapereka mpata woti wina agwire mabuku a mnzake, chinyengo ngati chilipo nkuonekera.

Pomaliza, wantchito akalakwitsa mumuitanire m'chipinda, osati kumukalipira pamaso pa makasitomala, ndipo pakhale njira yoti adandaule za bwana wake popanda kudzera kwa bwana yemweyo. Pakatha miyezi itatu, yerekezani kuchuluka kwa mashoti, masiku ojomba ndi madandaulo a makasitomala ndi momwe zinalili musanasinthe.